Kukweza kumbuyo kwa njinga yamoto yaliwiro kuti izikhota momvera

Aliyense amene anatsikapo pa njinga yamoto yaliwiro mumsewu wa M14, kuchokera ku Mvera kulunjika kuno ku Salima, amadziwa kuti makona a m'mapiri amenewo sabisa khalidwe la njinga. Njinga yokhala bwino imagona yokha mukangokankha handulo pang'ono, n'kutsata mzere umene maso anu asankha, pomwe njinga imene yakhalira kumbuyo imafuna kuchita kulimbana nayo, ndipo mukatsegula mafuta potuluka pa kona yokhotera kumanzere imathawira kunja, kumbali kumene kukubwera malole. Anzanga ambiri amene amabwera ndi dandaulo limeneli amakhala atauzidwa kale ndi wina kuti mankhwala ake ndi kukweza kumbuyo, ndipo ena amafika atagula kale zitsulo zoti timange. Amene anawauzawo sananame, koma nthawi zambiri sanawauze kuti ntchito imeneyi imayendera mamilimita, osati kuyerekeza ndi maso, ndiponso kuti isanayambike pamafunika kudziwa kaye ngati njingayo ikuimabe pa msinkhu umene anaipangira ku fakitale. Ndikunena za njinga zokhala ndi shock imodzi pakati, monga Suzuki GSX-R, Yamaha R6, Honda CBR ndi Kawasaki Ninja, osati njinga za kabaza za ma shock awiri m'mbali, ngakhale kuti mfundo yake ndi imodzimodzi.

Kuti mumvetse chimene chimachitika, yang'anani wakabaza atanyamula matumba awiri a mpunga pa Kamuzu Road. Kumbuyo kumakhala kutatitimira, kutsogolo kutadzuka, foloko itagona kwambiri kuposa nthawi zonse, ndipo pokhota mwini wake amachita kuzungulira patali. Kukweza kumbuyo kumabweretsa zosiyana ndi zimenezi: njinga yonse imaweramira kutsogolo, foloko imaimirira, ndipo zinthu ziwiri zimachepa nthawi imodzi. China ndi kupendekeka kwa khosi la chiwongolero, kumene mabuku a njinga amakutchula kuti rake, ndipo pa njinga zaliwiro kawirikawiri kumakhala pakati pa madigiri 23 ndi 25. Chinacho ndi trail. Mutajambula mzere wowongoka kutsata khosi la chiwongolero mpaka kukafika pansi, mzerewo umagunda nthaka kutsogolo kwa malo amene tayala lapondapo, ndipo mpata wa pakati pa malo awiriwo, umene umakhala pafupifupi mamilimita 100, ndi umene umachititsa kuti tayala lizibwerera lokha pakati likagunda mwala. Trail ikatalika, njinga imayenda mokhazikika koma imalemera pokhota; ikafupika, njinga imapepuka m'manja koma imataya gawo la bata lake.

Masamu ake si ovuta. Pa njinga imene mtunda wochokera pa ekiselo ya kutsogolo kufika pa ya kumbuyo ndi mamilimita 1,400, kukweza kumbuyo ndi mamilimita 10 kumachepetsa rake ndi pafupifupi digiri 0.4, ndipo trail imafupika ndi mamilimita awiri kapena atatu. Papepala zimaoneka ngati zosanunkha kanthu, koma m'manja mwa woyendetsa kusintha kumeneku kumamveka pa kona yoyamba yomwe.

Palinso phindu lina limene ambiri salitchula. Mkono umene umagwira tayala la kumbuyo, swingarm, umatsetsereka kuchokera pa fulemu kutsikira ku ekiselo, ndipo kutsetsereka kumeneku, pamodzi ndi kukoka kwa tcheni, kumalimbana ndi kutitimira kwa kumbuyo pamene mukutsegula mafuta. Mukakweza kumbuyo kutsetserekako kumawonjezeka, motero njinga sikhalira pansi kwambiri potuluka pa kona, kutsogolo sikupepuka, ndipo mzere umasungika. Zopondera ndi ekizozi zimatalikiranso ndi phula njinga ikagona. Koma mukapyola muyezo, kumbuyo kumauma nthawi imene mukutsegula mafuta, tayala limaleka kutsata mabampu n'kuyamba kuterereka, ndipo phindu lija limasanduka vuto.

Musanagwire sipanala, yambani ndi matayala, chifukwa mwa njinga zimene ndaziona zikukana kukhota, zambiri vuto lake linali pamenepa. Msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota uli ndi malo ataliatali owongoka, ndipo tayala la kumbuyo limene layenda ulendo umenewu kambirimbiri limadyeka pakati n'kukhala lafulati, m'mbali mukadali mwatsopano. Tayala lotere limakana kugona, kenako likadutsa m'mphepete mwa podyekapo limagwera mkati mwadzidzidzi, ndipo kukweza kumbuyo sikungachiritse matenda amenewa. Kudyeka kwa pakatiko kumatsitsanso kumbuyo ndi mamilimita angapo. Yezani mpweya m'mawa matayala asanatenthe, potsatira nambala zolembedwa pa swingarm kapena m'buku la njingayo. Njinga zikuluzikulu zambiri za ku Japan zimafuna 250 kPa kutsogolo ndi 290 kPa kumbuyo, pomwe zing'onozing'ono zimafuna mpweya wocheperapo. Kenako nyamulani kutsogolo, mutembenuze chiwongolero uku ndi uku kuti mumve ngati mabering'i a pakhosi akugwira pakati. Kumbuyo nakonso kuli m'malere, gwirani tayala mulinyamule pang'onopang'ono, ndipo likayenda chokwera ndi chotsika shock isanayambe kugwira ntchito, dziwani kuti mabering'i a linkage, tizitsulo tolumikiza shock ndi swingarm kapena fulemu, atha. Mchenga wa ku Senga Bay ndi fumbi la mu Okutobala zimalowa paliponse, ndipo ndatsegulapo linkage imene mkati mwake munalibe girisi ngakhale pang'ono, muli dzimbiri lofiira lokhalokha. Miyezo yotengedwa pa njinga yotere ndi yabodza.

Zimenezi zikakhala m'malo mwake, yezani sag, kutanthauza mmene njinga imatitimirira mwini wake akakhalapo. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, choncho musathamange. Pamafunika anthu atatu, tepi yoyezera yokhala ndi mamilimita, kachidutswa ka selotepi, cholembera, ndi malo a simenti osapendekeka. Pamchenga musayese n'komwe. Matani selotepi pa pulasitiki ya kumchira, molunjika pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo, mulembepo kadontho, ndipo miyezo yonse izichokera pa kadontho kameneka kufika pakati pa ekiselo. Muyezo woyamba utengedwe tayala la kumbuyo lili m'malere, shock itatambasuka yonse. Njira yapafupi ndi kuimika njinga pa sitandi ya m'mbali, munthu wamphamvu n'kuikokera kwa iye mosamala mpaka tayala litasiya nthaka. Sitandi ya kumbuyo yonyamulira pa swingarm siithandiza pa muyezo umenewu, chifukwa kulemera kwa njinga kumakhalabe pa shock ngakhale tayala lili m'mwamba.

Kenako mwini njinga akwerepo atavala zonse zimene amavala pamsewu, chipewa, jekete ndi nsapato, mapazi onse awiri ali pa zopondera, mnzake atagwira njinga kutsogolo kuti isagwe koma osaikanikiza. Wachitatu akanikize kumchira pang'ono, akusiye kudzuke pang'onopang'ono kokha, ndipo pamene kwaima ayeze. Akatero anyamule kumchirako pang'ono, akusiye kutsike pang'onopang'ono, ayezenso. Miyezo iwiriyi simafanana, chifukwa zitsulo zimagwirana, ndiye mutenge nambala ya pakati pake n'kuichotsa pa muyezo woyamba uja. Mwachitsanzo, ngati woyamba unali 520, wachiwiri 476 ndipo wachitatu 480, pakati pa awiri omalizawo ndi 478, kutanthauza kuti sag ndi mamilimita 42. Kusiyana kwa miyezo iwiriyo nakonso kuli ndi uthenga: mamilimita atatu kapena anayi si vuto, koma kukafika 10 bwererani ku linkage mukaitsuke ndi kuipaka girisi.

Pa njinga yaliwiro yoyenda pamsewu wamba, sag ya kumbuyo imayenera kukhala pakati pa mamilimita 30 ndi 35. Ineyo pa misewu yathu ndimakonda kuyandikira 35, chifukwa tayala limafunika mpata wotambasukira likafika pa dzenje kuti lisasiye nthaka. Tsono taonani njinga ya m'chitsanzo ija. Ili ndi 42, ndiye kuti yatsika kale ndi mamilimita 7 mpaka 12 kuchoka pamene iyenera kukhala, ndipo mwini wake akudandaula za kukhota osati chifukwa chakuti anaipanga molakwika, koma chifukwa chakuti yakhala pansi. Njinga zambiri zimene tili nazo kuno zinabwera zitayenda kale zaka kunja, ndipo zinasiyidwa mmene mwini wake wakale anazichunira, mwina munthu wopepuka kuposa inu. Kuibwezera pa 33 kokha n'kukweza kumbuyo ndi mamilimita 9 popanda kugula chilichonse.

Kubwezera kumeneku kumachitika ndi preload, kutanthauza mmene sipiling'i yapanikizidwira njinga isanasenze kanthu, imene imachunidwa pa mphete za pamwamba pa sipiling'i ya shock. Njinga zina zili ndi mphete imodzi ya masitepe, zina zili ndi mphete ziwiri za mazinga, yapamwamba yotsekera ndi yapansi yochunira. Tsukani mazingawo mchenga uchoke, muthire timafuta, ndipo mugwiritse ntchito sipanala yake yangowe. Ndaonapo mphete zambiri zitathyoka mano chifukwa chomenyedwa ndi tchizulo ndi hamala, ndipo mphete yotero siichunikanso. Lembani chizindikiro pa mphete kuti muziwerenga kuti mwazungulira kangati, muzungulire kamodzi kapena kawiri, kenako muyezenso. Dziwani kuti preload siilimbitsa sipiling'i, imangosintha malo amene njinga imakhazikika. Chifukwa cha ichi, mukafika pa sag yoyenera, mwini wake atsike, muimike njinga chilili popanda munthu, ndipo muyeze mmene ikutitimirira ndi kulemera kwake kokha. Payenera kupezeka mamilimita 5 mpaka 10. Mukapeza kuti siikutitimira n'komwe, ndiye kuti sipiling'iyo ndi yofewa kwa inu ndipo mwaipanikiza mopitirira kuti ikunyamuleni. Njinga yotero imagunda m'mwamba shock ikatambasuka, ndipo tayala la kumbuyo limadumphadumpha mukagwira mabuleki mwamphamvu. Mankhwala ake ndi sipiling'i yolimba yogwirizana ndi kulemera kwanu, osati kupitiriza kumanga mphete. Mukawonjezera preload kwambiri ndipo kumbuyo kukudzuka mothamanga mukakukanikiza, tsekani rebound, pochunira liwiro limene shock imatambasukira, ndi kiliki imodzi kapena awiri ngati shock yanu ili ndi pochunira.

Yendani nayo masiku angapo ili chonchi. Anthu ambiri amathera pomwepa, ndipo ndimasangalala akatero. Ngati mukuonabe kuti njinga ikulemera polowa pa kona, kapena ikuthawira kunja potuluka, ndiye yafika nthawi yokweza kwenikweni, kumene kuli kutalikitsa mtunda wa pakati pa fulemu ndi tayala popanda kusokoneza sag.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya washa. Pa ma Suzuki GSX-R ambiri ndi pa Kawasaki ZX-6R, mutu wa shock umamangidwa pa kachitsulo kamphanda kamene kali ndi bawuti yoboola fulemu, nati yake ili pamwamba. Mukaika washa pakati pa kachitsuloko ndi fulemu, shock yonse imatsika, ndipo kumbuyo kwa njinga kumakwera. Chofunika kukumbukira n'chakuti linkage imachulukitsa: milimita imodzi pa shock imasanduka mamilimita awiri kapena atatu pa ekiselo, malinga ndi mtundu wa njinga. Choncho washa ya mamilimita 2 imakweza kumbuyo ndi mamilimita 4 mpaka 6, ndipo pamenepa ndi poyambira pabwino. Washayo ikhale yachitsulo cholimba, yosalala mbali zonse, yaikulu mokwanira kukhala pa nkhope yonse ya kachitsulo kaja, ndipo muiyeze ndi vernier, chida choyezera kukhuthala kwa zitsulo, osati kungokhulupirira wogulitsa. Nati ikamangidwa, mazinga a bawuti aonekebe pamwamba pake. Akapanda kuoneka ndiye kuti mwaika zochuluka. Si njinga zonse zimene zimalola njira imeneyi. Honda CBR600RR kuyambira 2003 ili ndi dongosolo la Unit Pro-Link, limene mutu wa shock umamangidwa pa swingarm pomwepo, osati pa fulemu, motero poika washa palibe.

Ma shock ogula padera, monga ena a Öhlins ndi YSS, ali ndi pochunira utali kumunsi kwake, bawuti ya mazinga ndi nati yotsekera, ndipo masamu ochulukitsa aja ndi omwewo. Opanga amaika malire a pamene muyenera kulekezera potulutsa bawutiyo, nthawi zina ndi kamzere kozokotedwa pa mazinga, ndipo kupyola malire amenewo n'kusiya kulemera kwa njinga yonse pa mazinga ochepa. Ducati 916 ndi zinzake za m'banja limenelo zili ndi ndodo yakeyake yochunira msinkhu, komanso pa njinga zimenezo kukoka tcheni kumasuntha ekiselo mozungulira, kotero kuti msinkhu umasintha nthawi iliyonse imene mwakoka tcheni.

Zitsulo zimene anzanga amabwera atagula kale nthawi zambiri ndi ma dog bone, tizitsulo tiwiri ta linkage tokhala ndi bowo uku ndi uku. Pa njinga zambiri, zazifupi zimakweza ndipo zazitali zimatsitsa, koma pali njinga zina zimene linkage yake imayenda mosiyana, ndipo zina, monga KTM RC 390, zilibe linkage n'komwe chifukwa shock imamangidwa mwachindunji pa swingarm. Zitsulo za dog bone zimenezi sindimazikonda pa ntchito yochuna kakhotedwe. Zogulitsidwa zambiri zimakweza kwambiri nthawi imodzi, mamilimita 20 kapena kuposerapo, komanso zimasintha mmene linkage imapanikizira shock, kotero kuti mumakhala mwasintha zinthu ziwiri pamene mumafuna kusintha chimodzi. Ngati palibe njira ina, yezani zakale kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake, muyerekeze ndi zatsopano, ndipo sag muiyezenso kuyambira pachiyambi. Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musadule zakalezo n'kukaziwotcherera, kapena kusema zina pa chitsulo cha geti. Tizitsulo timeneti timanyamula mphamvu yoposa kulemera kwa njinga ndi munthu pa bampu iliyonse, ndipo kamodzi kakaduka kumbuyo konse kumagwera pa tayala njinga ikuthamanga.

Tayala nalonso limakweza. Nambala yachiwiri pa tayala ndi kutalika kwa m'mbali mwake ngati peresenti ya kutambalala kwake, choncho 190/50 ili ndi mamilimita 95, theka la 190, pomwe 190/55 ili ndi 104.5, kusiyana kwa pafupifupi mamilimita 10, ndipo tayala la 55 limakhalanso lozungulira kwambiri moti limagona mosavuta. Amene wasintha tayala motere wakweza kale kumbuyo, ndipo asawonjezerenso washa asanayende nayo. Aonenso kuti tayalalo silikukhudza swingarm kapena madigadi. Kwa amene miyendo yawo ikufika kale pansi movutikira, kutsitsa kutsogolo mwa kukweza mafoloko mamilimita atatu kapena asanu m'zomangira zake kumachepetsa rake ndi trail mofananamo, koma kumayandikizitsa njinga ku phula ndipo sikupereka phindu lija la swingarm.

Pogwira ntchito ya washa kapena ya ma dog bone, njinga iyenera kunyamulidwa ndi fulemu kuti shock isasenze kanthu. Ngati bawuti yaikulu ya swingarm ili ndi bowo lodutsa, lowetsani ndodo yachitsulo yolimba n'kuikhazika pa ma sitandi awiri a galimoto. Ngati mulibe zimenezi, pachikani kumbuyo kwa fulemu ndi malamba olimba ku mtanda wa denga umene mukuudziwa bwino kuti ungapirire, osati mtengo wa kesha wa pabwalo umene nthambi zake simunaziyese. Tayala la kutsogolo litsekeredwe ndi njerwa, ndipo buleki yake imangidwe ndi mphira. Masulani nati pang'ono njinga ikadali pansi, chifukwa kukoka sipanala mwamphamvu njinga ili m'malere ndi kumene kumagwetsa njinga. Pansi pa tayala la kumbuyo ikani thabwa loti muzinyamulira ngati mpiringidzo, kuti muthe kukweza kapena kutsitsa tayala pang'onopang'ono mpaka mabowo alunjikane ndipo bawuti ilowe ndi dzanja. Bawuti yolowetsedwa ndi hamala imawononga mabering'i. Pomanga gwiritsani ntchito torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndi nambala ya m'buku la njinga yanuyo. Mukatsitsa njinga, tenganinso muyezo woyamba uja tayala lili m'malere, ndipo kusiyana kwake ndi wakale ndi kumene kukuuzeni zoona za mamilimita amene mwakweza. Sag nayo iyezedwenso.

Tcheni ndi chimene anthu amaiwala, ndipo ndi chimene chimawononga ndalama zambiri. Tcheni chimakungika kwambiri pamene sipuloketi ya kutsogolo, bawuti ya swingarm ndi ekiselo ya kumbuyo zili pa mzere umodzi wowongoka. Mukakweza kumbuyo, swingarm imayambira patali ndi mzere umenewo njinga ikaima, choncho tcheni chimaoneka ngati chakhwefuka, ndipo makaniko wosadziwa amachikoka kuti chifanane ndi nambala yakale. Zikatero, njinga ikangotitimira pa bampu tcheni chimakungika ngati chingwe cha gitala, shock imalephera kuyenda, ndipo bering'i ndi silo ya pa shafiti ya giyabokosi zimayamba kutha. Njira yotsimikizika ndi iyi: pamene shock kapena linkage ikadali yomasula, nyamulani tayala mpaka malo atatu aja alunjikane, zungulizani tayala mupeze pamene tcheni chikukungika kwambiri, ndipo muchune kuti pamenepo chizisewerabe mamilimita 10 mpaka 15. Mukamanga zonse n'kutsitsa njinga, yezani kusewera kwa tcheni njinga ili pa sitandi, ndipo nambala imene mwapezayo ndi imene muzitsatira kuyambira tsopano. Muziyang'ananso mphira wa pa swingarm pamene tcheni chimatsetserekapo, chifukwa umadyeka msanga kumbuyo kukakwera, ndipo ukabooka tcheni chimayamba kudya swingarm yeniyeniyo.

Zotsala ndi zazing'ono koma musazidumphe. Tayala lili m'malere, onani kuti paipi ya buleki ya kumbuyo ndi waya wa ABS sizikukokeka. Nyali ya kutsogolo idzakhala ikuwalira pafupi kuposa kale, ndipo pa msewu wathu umene usiku mumakumana ndi njinga zamakala zopanda nyali, imeneyi si nkhani yaing'ono, choncho ikwezeni. Njinga idzapendekekanso kwambiri pa sitandi ya m'mbali, ndiye poimika pamchenga kunyanja muziika kathabwa pansi pake.

Poyesa, sankhani chigawo chimodzi cha msewu chimene mumachidziwa bwino, chokhala ndi makona komanso malo owongoka a mabampu, ndipo mupiteko m'mawa kwambiri mbuzi ndi ana asukulu asanadzaze msewu, mpweya wa m'matayala ndi mafuta a m'thanki zili monga zinalili paulendo wapitawo. Simufunika liwiro loswa malamulo kuti mumve kusintha. Ngati mwachita bwino, njinga imalowa pa kona ndi mphamvu yochepa ya manja, pakati pa kona simufunika kupitiriza kukanikiza handulo yamkati, ndipo potuluka imatsata mzere. Ngati mwapyola, imagwera mkati mofulumira kuposa mmene mwaifunira moti mumachita kuidzutsa, kumbuyo kumapepuka ndi kuvinavina mukagwira mabuleki, ndipo mahandulo amanjenjemera mukatsegula mafuta pa mabampu.

Chizindikiro chomalizachi ndinachiona ndi maso anga pa njinga yanga yomwe ya 600. Ndinali ndi mawasha atatu, ndipo mnyamata amene amandithandiza anandifunsa kuti, "Achimwene, tiyambe ndi imodzi kapena tingoika onse?" Ndinamuuza kuti aike onse, chifukwa sindinkafuna kudzanyamulanso thanki kawiri, ndipo ndinaiwala kuti sabata yomweyo ndinali nditaika tayala la 55. Pa makona njinga inkamvera bwino kwambiri. Koma pobwerera pa M5, ndikutsegula mafuta potsika pa mlatho wina pamene phula ndi simenti sizilingana, tayala la kutsogolo linapepuka n'kutera mopendekeka pang'ono, ndipo mahandulo anamenya uku ndi uku mwamphamvu moti mapazi anachoka pa zopondera. Zinatha m'masekondi awiri kapena atatu, koma nditagwira buleki ya kutsogolo chogwirira chinafika ku handulo popanda kugwira kanthu, chifukwa kugwedezeka kuja kunali kutakankhira ma pad a buleki kumbuyo, ndipo ndinachita kupopa kangapo kuti ibwerere. Nditafika kunyumba n'kuyeza, ndinapeza kuti washa ndi tayala pamodzi zinali zitakweza kumbuyo mamilimita oposa 20. Zoterezi zikakuchitikirani, panani thanki ndi mawondo, fewetsani manja m'malo molimbana ndi mahandulo, musagwire buleki ya kutsogolo, bwezani mafuta pang'onopang'ono, ndipo bata likabwerera popani buleki musanafike poifuna. Steering damper, kachipangizo kochepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero, imathandiza kuchepetsa kumenyaku, koma kuimanga n'cholinga chobisa njinga imene yakwezedwa mopyola si kukonza.

Kuchokera tsiku limenelo, muyezo wanga pa njinga yoyenda m'misewu ya kuno ndi wakuti kumbuyo kusakwere kupitirira mamilimita 10 pamwamba pa msinkhu wa ku fakitale, kuphatikiza ndi zimene tayala lawonjezera, ndipo ndimafikapo m'magawo awiri, mamilimita 5 ulendo uliwonse, ndikuyenda nayo pakati pake. Amene amathamanga m'mabwalo a mipikisano amapyola pamenepa, koma phula lawo ndi losalala ndipo sakumana ndi zigamba, mchenga wokokoloka ndi mvula, kapena ng'ombe yotulukira patchire. Tsiku limene mwanyamula munthu kumbuyo, musakhudze washa. Wonjezerani preload yokha, muwerenge kuti mwazungulira kangati, ndipo mudzabwezere mukatsala nokha. Miyezo yonse, ya tayala lili m'malere, ya sag, ya tcheni, kukula kwa washa ndi nambala ya tayala, ilembedwe m'kabuku pamodzi ndi tsiku lake, ndipo zitsulo zakale zisungidwe m'kathumba kolembedwa dzina la njinga. Mukabwera ku ulendo woyamba, njinga ikazizira, bwererani ndi torque wrench pa nati ya shock ndi mabawuti a linkage, muone ngati pali imene yayenda.